Jekete ya Ekita

Amalume ananditsina pamkono. Mumdima momwemo anandiika choko m'dzanja, chija chabuluu chaphanthiphanthi, chotha m'mbali ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi.

"Kolala," anatero. "Yang'ana kolala."

Pachinsalu cha kanema mahatchi anali pa liwiro. Fumbi, mfuti, munthu akugubuduka kuchokera padenga. Holo yonse inkakuwa. Ine ndinkafuna kuona ngati wogwayo adzukenso. Koma ndinayang'ana kolala. Inali yaikulu, yosongoka, nsonga zake pafupi kukhudza mapewa. Ndinaijambula pantchafu yanga, poti pepala tinali titaliiwala kunyumba.

Choko chimenecho ndimachikumbuka kuposa nkhope za anthu ambiri. Chinkanunkha mafuta a makina ndi thukuta la m'thumba.

Ndinali Sitandade 4. Nyengo yake inayamba ndi mphepo ya Juni, n'kutha mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Bambo anga anamwalira ndisanayambe kuyenda. Ine ndi amayi tinkakhala kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, m'kanyumba ka kuseri kwa masitolo a ku Area 2, kufupi ndi mzikiti. Akazi a amalume anali atabwerera kwawo kalekale. Chilichonse chimene tinkadya chinkachokera pa makina awo osokera.

Anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu ya mmwenye wina. Khondelo silinali lawo. Mwini sitolo ankalipereka kwa atelala odziwa ntchito, kuti munthu akagula nsalu m'katimo atuluke n'kupeza womusokera pomwepo. Telala wodandaulitsa ogula ankachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo odikira malowo anali ambiri. Amalume anali pa malo oyamba, pafupi ndi chitseko.

Anthu ankawatcha telala wa kanema. City Centre inali yatsopano nthawi imeneyo, penti isanaume bwino. Anyamata a m'mabanki ndi m'maofesi a boma ankatsika basi Loweruka m'mawa, n'kuima pamaso pa makina.

"Ndikufuna ngati ya ekita wa sabata ino."

Ekita ndiye mwini filimu, uja amamenyedwa koma osafa. Amalume ankapita kukaonera kamodzi kokha, n'kubwera kudzadula nsalu. Nkhani ya filimu analibe nayo ntchito. Ukawafunsa kuti yatha bwanji, ankati, "Yatha ndi mabatani anayi."

Chaka chimenecho anayamba kunditenga.

Ndinene pano, chifukwa ine zobisabisa sindizidziwa. Maso awo anali kutha. Ng'ala inali itaphimba diso lakumanzere, ikulowa lakumanja. Amayi ankadziwa. Pakhonde sipankayenera kudziwa munthu, makamaka mwini sitolo. Ine sindinkadziwa kanthu. Ndinkaganiza kuti amalume angoyamba kundikonda.

Tinkapita ya masana, Loweruka, akachoka ku swala kumzikiti. Pakhomo pa holo panali amayi a mtedza wokazinga ndi nzimbe, ndiponso mkulu wina wong'amba matikiti, wa mano ofiira ndi fodya. M'kati munkanunkha thukuta ndi makoko a nthochi. Nsikidzi zinali m'mipando ngati eni ake. Filimu isanayambe tonse tinkaimirira nyimbo ya fuko, ndipo wokhala pansi ankatulutsidwa atagwidwa lamba. Kenako magetsi kuzima. Kuwala kunkatuluka pa kabowo kumbuyo kwathu, fumbi likuvina m'menemo.

Mipando yakumbuyo inali ya khushoni, ya anthu a nsapato. Kutsogolo kunali mabenchi, a ife ana ndi anyamata onyamula katundu mumsika. Kale amalume ankakhala kumbuyo. Mu Juni tinakhala pakati. Pofika Ogasiti tinali pa benchi loyamba lenileni, makosi atapindikira kumbuyo. Munthu wa ndevu zake, kofiya kumutu, pakati pa ana a mamina.

"Akulu, mwasochera?" anyamata a mumsika ankatero.

Iwo maso ankangokhala pachinsalu.

Chingerezi sitinkamva, Chimwenye ndiye kutalitali. Nkhani tinkaipanga tokha poona nkhope. Wa ndevu zosapesa ndi mbava. Woseka kwambiri koyambirira afa. Anthu ankalankhula ndi chinsalu ngati chili ndi makutu: "Kumbuyo kwako, chitsiru iwe." Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, filimu inkalumpha, poti a boma anali atadulapo. Ukaphethira, awiri aja ali kale m'galimoto, mkazi atasintha diresi. Holo yonse malikhweru.

Mafilimu a amwenye anali aatali, oti n'kutuluka njala itakupweteka. Amalume ankawakonda chifukwa ekita ankasintha zovala pakati pa nyimbo. Ine ankandizunza pa chifukwa chomwecho. Nyimbo imodzi, malaya asanu. Uyu akuvina paphiri, ine ndikunong'ona: thumba limodzi, manja aatali, kolala yoimirira. Akatulukira wovala buluku la belu, lija lotambalala kumapazi, ankati, "Limenelo lisiye. Ndi loletsedwa, ndingamangidwe nalo."

Okondedwa anga anali a karate. Chifukwa chake n'chachidule: ekita wa karate savala malaya. Amalume analibe chondifunsa. Ndinkaonera zibakera mwamtendere, iwo akusinza pambali panga. Potuluka ankati, "Lero tangodyetsa nsikidzi."

Filimu ikatha sitinkapita kunyumba. Tinkakhala pa kakhoma ka simenti kufupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, pamene pankadutsa amayi ochokera kumsika. Poyamba ndinkajambula pa pepala la thumba la simenti. Ankaliika pafupi ndi mphuno, mutu atapendeketsa ngati nkhuku ikamayang'ana mphamba. Tsiku lina anangolipinda.

"Zojambula zako n'zosamveka. Ndionetse pano."

Anadzimenya pachifuwa. Ndinakwera pa kakhomako, n'kuyendetsa chala pa malaya awo: kolala iyambira apa, itsika chonchi, ithera apa. Batani loyamba apa. Thumba lapendekeka chotere. Iwo atatsinzina. "Bwereza." Ndinabwereza. Amayi odutsa ankatiseka, ena ankayesa kuti ndikuwachotsa nyerere.

Ndinakhumudwa nazo. Zojambula zanga zinali zabwino, ndipo ndinkadziwa.

Aphunzitsi nawo anaziona. Anandipeza ndikujambula jekete kumapeto kwa kope la masamu. Sanandimenye. Anakweza kopelo kuti kalasi yonse ione, n'kunena kuti, "Uyu tamutaya. Adzafera pakhonde." Analosera molakwa. Ndinalekeza Sitandade 7, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Mageti ambiri a ku Area 47 ndi m'ma Area ena a mabwana adutsa m'manja mwanga. Singano sindinaigwirenso.

Anzanga ankandidikira Lolemba pa buleki kuti ndiwafotokozere filimu. Sizinatenge nthawi, anatopa nane.

"Wakufunsa za matumba ndani? Anamupha kapena sanamuphe?"

Nthawi zambiri sindinkadziwa.

Mpaka lero ndi choncho. Adzukulu anga amaonera mafilimu pa foni, ena oti munthu wina amalankhuliramo Chichewa pamwamba pa azungu. Ndikasuzumira, choyamba kuona ndi phewa la jekete, ngati lakhala kapena lagwa. Mayi a kunyumba kwanga amati kuonera nane filimu kuli ngati kudya nsomba ndi munthu wongowerenga minga.

Kumzikiti nkhani inafika. Lachisanu lina ashehe ananena mosatchula dzina kuti alipo ena a imvi zawo amene akukokera ana amasiye kunyumba ya zithunzi. Anthu anatembenuka. Amalume anayang'ana pamkeka. Potuluka anavala nsapato zawo, wina n'kuwauza kuti avala za eni ake. Anaseka, n'kunena kuti ulaliki wawasokoneza.

Sanadziteteze kwa ashehe ngakhale kamodzi. Pano ndimamvetsa. Anasankha kutchedwa wotayika kusiyana ndi kutchedwa wosaona. Wotayika amamubweretserabe nsalu.

M'mawa wina ndinamva amayi akulankhula nawo kuseri kwa nyumba, madzi osamba akuwira.

"Achimwene, chipatala chili pafupi pompa."

"Akandiike diso la mbuzi?"

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

"Aliyense akudziwa, chemwali. Amachotsa lako, n'kuika la mbuzi. Ukatero uzingoona udzu."

Ndinaseka kwambiri. Ndinkayesa akusimba filimu ina imene anaonera ndisanabadwe. Amayi anandithamangitsa ndi chikho.

Chaka chatha anandichotsa ng'ala ineyo. M'mawa umodzi. Ndinagona ndi thonje padiso, kutacha ndinawerenga nambala ya minibasi ili patali. Ndinakhala pa benchi la pachipatala nthawi yaitali nditakwiya. Womukwiyira ndinalibe.

Ndikaweruka kusukulu, amayi ankandituma kukhonde ndi chakudya, n'kundiuza kuti ndisabwerere msanga. Amalume ankalengeza mokweza kuti mwini sitolo amve: "Mwana aphunzire ntchito." Ntchito yake inali imodzi. Ulusi ukaduka, ine kulowetsa pabowo la singano. Zina zonse ankachita ndi zala. Anamata kamtengo ka machesi pambali pa singano kuti m'mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo, ndipo msoko wawo unkawongoka ngati njanji.

Pambali pawo pankasoka mkulu wina wa ku Mitundu, wa tchalitchi, wokonda nthabwala. Ankawatcha shehe, iwo ankamutcha m'busa.

"Shehe, kanema wati chiyani sabata ino?"

"Wati uzimeta ndevu, m'busa, ukuopseza makasitomala."

Tsiku lina amalume anatenga ulusi wakuda kuti asokere buluku labuluu. M'busa uja anatambasula dzanja osasiya kupalasa makina ake.

"Bwerekeni wakudawo, wanga watha. Inu gwiritsani uwu."

Anawapatsa wabuluu. Wakuda wake unali pomwepo, wodzaza. Ine ndinauona, n'kuganiza kuti m'busayu ndi waumbombo.

Kumapeto kwa Ogasiti kunabwera bwana wina wa ku banki ya ku City Centre. Anali ndi galimoto yoyera ndi nyumba ku Area 47, ndipo ukwati wake unali pafupi. Anagula nsalu yodula kuposa zonse m'sitolomo, yotuwa, yonyezimira pang'ono ngati mamba a nsomba. Mwini sitolo anatuluka naye yekha, dzanja paphewa.

"Uyu ndiye namba wani. Lilongwe yonse palibe."

Bwanayo ankafuna jekete ya ekita wa filimu imene inali kuonetsedwa sabata imeneyo. Inali ya azungu, ya munthu wosaka akuba mumzinda wa mvula yosatha. Amalume anamuyeza ndi tepi, ine ndikuwerenga manambala mokweza, ati kuti ndiphunzire.

Filimu imeneyo tinaionera katatu. Kutsogolo kwa jekete ndinakugwira tsiku loyamba: mabatani mizere iwiri, kolala yotambalala, kathumba kakang'ono pamwamba pa thumba lakumanja. Vuto linali kumbuyo. Amalume ankafuna kudziwa ngati kumunsi kwake kunali mpata umodzi pakati kapena iwiri m'mbali. Koma ekita ameneyu sankapereka msana. Akatembenuka, ndiye kuli mdima, kapena wavala chikhothi cha mvula.

Ulendo wachitatu, chakumapeto, anakwera masitepe mothamanga, mphepo n'kukweza jekete. Holo inali zii, poti wakuba anali atabisala pamwamba ndi mpeni.

"Iwiri!" ndinakuwa.

Anthu anaphulika kuseka. Wina anandigenda ndi chitsononkho. Amalume anandigwira bondo n'kulifinya, ndipo m'kuwala kwa chinsalu ndinaona mano awo. Ngati ekita uja anawagwira akubawo, mpaka lero sindikudziwa.

Nsaluyo sanadulire pakhonde. Anabwera nayo kunyumba, ati pakhonde pali fumbi. Ankadula m'mamawa pamkeka, chitseko chili chotsekula, amayi atagwira mbali ina. Ankayeza ndi zala, n'kuyezanso, sizasi ili m'dzanja osaitseka. Nyumba yathu inali ndi zenera limodzi, loyang'ana khoma la sitolo. Dzuwa silinkalowamo. Pakhonde napo silinkafika.

Inawatengera masabata. Itatha anaisita ndi nsimbi ya makala, nsalu yonyowa pamwamba, n'kuipachika pakhonde. Odutsa ankaima. M'busa anaizungulira, manja kumbuyo.

"Shehe, iyi ndiye yotsika pachinsalu. Mwini wake akaivala aziyankhula Chingerezi chokhachokha."

Bwana anatumiza uthenga kuti tikampatsire kunyumba. Tinanyamuka Loweruka m'mawa, jekete itakulungidwa m'nsalu yoyera ya amayi. Basi inatitsitsa pamsewu waukulu, kotsalako tinayenda. Kunali kutayamba kutentha. Maluwa a jakaranda anali mbwee pansi.

Ku Area 47 ndinali ndisanafikeko. Misewu yopanda anthu. Mipanda ya maluwa, agalu akuwuwa osaoneka. Madzi akuthirira kapinga, pamene kwathu amayi ankakanganirana pampopi. Amalume anandigwira paphewa njira yonse.

"Ungasochere," anatero. "Uziwerenga manambala a nyumba."

Bwanayo anatuluka atavala masilipasi. Anali munthu wabwino, zimenezo sindingamunamizire. Anatipatsa mipando pakhonde lake, n'kuvala jekete pamwamba pa malaya a m'nyumba. Inamukhala ngati anabadwa nayo. Anatambasula manja, anapinda zigongono, anapisa zala m'kathumba kaja, akuseka yekha.

"Mipata iwiri," anatero akudzigwira kumbuyo. "Atelala, inu ndinu oopsa."

Anaitana mlongo wake kuti adzaone. Anali mayi wa magalasi, namwino. Bwana anatsika pakhonde n'kuima pakapinga, padzuwa, akuzungulira ngati ekita.

Mayiyo anasiya kumwetulira.

"Achimwene, taimani kaye. Mkono uwu bwanji?"

Nanenso ndinaona. Jekete yonse inkanyezimira, koma mkono wakumanzere unali wozimirira, ngati wa jekete ina. Nsalu ija inali ndi nkhope ziwiri zofanana kwambiri. Podula mkono umenewo inali itatembenuzika, kunsi kukhala pamwamba. Mumthunzi palibe akanadziwa. Padzuwa ngakhale mwana ankaona.

"Atelala, tabwerani muone," anatero bwana.

Amalume anatsika masitepe pang'onopang'ono. Anafika, anagwira mkono wa jekete, anaufikisa ndi zala, anaweramira pafupi.

"Ee, ndauona. Ndikonza."

Anali atagwira wakumanja.

Kachipangizo kothirira kapinga kankangozungulira, tchi, tchi, tchi. Ndinatsekula pakamwa kuti ndiwauze, koma mayi wa magalasi anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Ndinayesa akundiletsa kulankhula pakati pa akuluakulu. Ndinatseka.

Kenako bwana uja anatembenuka yekha, mosafulumira, ngati akungosintha phazi. Anachotsa mkono wakumanja m'zala za amalume, n'kuikamo wakumanzere.

Dzanja la amalume linaima pamenepo. Silinafikisenso nsalu. Linangokhala.

Ndaona anthu akutukwanidwa pantchito, inenso ndatukwanidwapo ndi mabwana a m'ma Area amenewa. Kutukwanidwa munthu umapirira. Chimene chinawathyola amalume tsiku lija ndi ulemu umenewo.

"Nsalu inatsalako?" anafunsa bwana.

"Ayi."

"Musadandaule. Lolemba ndikagula ina ya mkono umodzi. Kusitolo sindikanena kanthu."

Sakananena, ndikukhulupirira. Koma mwini sitolo sanali mwana. Munthu wobwerera kudzagula nsalu ya mkono umodzi wanena kale zonse.

Mayi uja analowa m'nyumba, n'kubwera ndi madzi a malalanje m'matambula, muli timiyala ta madzi oundana. Ndinali ndisanalawepo. Kamwala kamodzi ndinakasunga m'tsaya mpaka mano kuwawa. Iye ndi mlongo wake analankhulana Chingerezi motsitsa mawu. Ndinachita monga ndinkachitira ku kanema, kuwerenga nkhope. Nkhope zinali zofatsa. Ndinati basi, zatha bwino.

Kenako mayiyo anakhala pafupi ndi amalume.

"Bambo, Lachiwiri ndimakhala kuchipatala tsiku lonse. Mubwere, mudzangofunsa za ine pakhomo."

"Sindikudwala, mayi. Zikomo."

"Sizitenga nthawi. Ambiri amachira."

"Zikomo, mayi."

Tambula yawo sanaikhudze. Anaimirira, n'kupinda nsalu yoyera ya amayi ija bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Jekete, imene bwana anali ataivula, anaisiya pampando.

"Mukagula nsaluyo," anauza bwana, "mukapatse mnzanga wosoka pambali pangayo. Wa ndevu. Ali ndi manja abwino."

"Koma ndi ntchito yanu, atelala."

"Ali ndi manja abwino."

Lolemba lake makina anabwera kunyumba pa wilibala, mwini sitolo asananene liwu. Amalume anachoka pakhondepo mwa kufuna kwawo. M'busa ndiye anakankha wilibalayo, ndipo njira yonse sananene nthabwala. Kuchipatala amalume sanapite, Lachiwiri limenelo kapena lina lililonse. Amayi anaphunzira kupalasa makinawo, n'kumasoka zigamba ndi mayunifomu a sukulu pakhomo pathu. Tinadya zimenezo. Amalume anakhala zaka zina, pampando, kunja kwa chitseko, akumvera mawu a makina. Msoko ukakhota ankadziwa ndi khutu.

Koma zimenezo ndi za pambuyo. Loweruka lija sitinakwere basi pobwerera. Tinayenda wapansi kuchokera ku Area 47 mpaka ku Old Town, dzuwa lili pamutu, dzanja lawo paphewa langa. Ine ndinkalankhula za madzi oundana, za galu amene ndinamuona pampata wa geti, za galimoto yoyera. Nthawi ya swala inatipitirira tili m'njira, chinthu chimene sichinkachitika.

Tinatulukira pa holo anthu ali pamzere. Pakhoma anali atamata chithunzi chatsopano: munthu ali m'malere, mwendo kutsogolo, chifuwa pamtunda. Karate.

"Amalume, tilowe?"

Ndinkadziwa yankho. Ya karate sankaifuna, ndipo panalibe kasitomala woitumira. Koma anaima. Anapisa m'thumba, anapita pawindo, n'kubwera ndi tikiti imodzi. Anandifumbatitsa.

Mkulu wong'amba matikiti anawazindikira.

"Imodzi yokha, akulu? Lero benchi lanu likhala lamasiye?"

Amalume anandikankha pamsana pang'ono, kundilozetsa kuchitseko. Ndinalowa mpaka pa katani. Kanema ndekha, ngati munthu wamkulu. Ndinatembenuka kuti ndiwabayibitse.

Anali atayamba kale kuyenda, nsalu yoyera ija kukhwapa. Masiku onse ankayenda pakati pa njira, chifuwa patsogolo, anthu n'kumawapatuka. Tsiku limenelo anatsata khoma. Dzanja lamanja linali pakhomapo, zala zikukhwekhwereza pa njerwa, kudutsa pa zithunzi zakale zong'ambika, kudutsa pa chitseko cha sitolo yoyandikana. Ife ana tinkachita zomwezo pochokera kusukulu, kukokera kamtengo pampanda kuti kalire. Ndinaseka. Ndinati amalume akondwa lero, mpaka akusewera.

Ndinawaitana kamodzi. Sanatembenuke. Anafika pothera khoma, anaima pang'ono, dzanja lili m'malere, kenako anakhota.